Nsinjiro m'phala la mwana: tisaziope, koma tisaseke amene zimamuwenga

Amayi anzanga, chaka chatha kumphakati wina wa m'parishi yathu kunachitika nkhani yomwe mpaka lero imandisowetsa mtendere. Tinali pa chikondwerero cha ubatizo wa ana. Amayi anaphika mochititsa kaso: mpunga, nkhuku, nkhwani wotendera, ndi futali ya ana. Kamnyamata kena ka zaka ziwiri, komwe kanabwera ndi mayi ake kuchokera m'tauni, kanayamba kulira, ndipo mayi wina wa mtima wabwino anakanyamula n'kukadyetsa futali. Pasanathe mphindi 15 milomo ya mwanayo inatupa, zikope zinatsekeka, thupi lonse linachita zidzolo, ndipo anayamba kutsokomola mobanika ngati wodwala mphumu. Mwayi wake chipatala chinali pafupi, ndipo mnyamata wa kabaza anali pomwepo. Mwanayo anapulumuka.

Koma nkhani siinathere kuchipatala. Pofika madzulo anthu anali atagamula kale mlandu, amvekere mayi uja "anamudyetsa" mwana wa mnzake. Kwa miyezi ingapo mayiyo sanaponde kumphakati, ndipo ngakhale kutchalitchi ankakhala kumbuyo yekhayekha. Chikhalirecho zoona zake zinali zakuti mtedza umamuwenga mwanayo. Mayi ake ankadziwa, koma anachita manyazi kunena pagulu, poopa kuti anthu aziti ndi matama a m'tauni.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikumva maganizo a mitundu iwiri pakati pathu. Ena akuti kulibe matenda otere, ndi za azungu basi, mwana azidya chilichonse. Ena atenga mantha, moti asiya kuthira nsinjiro m'phala la ana awo aang'ono, akuti adikire ayambe akula. Ine ndikuti onsewa akulakwitsa, ndipo kulakwitsa konseku kungathe kupweteka mwana. Maganizo anga ndi awa: mwana wathanzi ayambe kudya nsinjiro msanga, akangokwanitsa miyezi 6, ndipo azidya kawirikawiri. Koma mwana amene mtedza wayamba kale kumuwenga asapatsidwe ngakhale pang'ono pokha, ndipo mayi ake tiziwakhulupirira.

Kuwenga kumeneku n'chiyani?

M'thupi mwathu muli chitetezo chomwe ntchito yake ndi kulimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda. Mwa ana ena chitetezochi chimasokonezeka, n'kuyamba kuona zomanga thupi za mu mtedza ngati mdani. Mwana wotere akangodya mtedza, thupi limadzidzimuka n'kutulutsa timadzi tina tomwe timatupitsa khungu, kufinya njira ya mpweya ndi kutsitsa kuthamanga kwa magazi. Mtedzawo ulibe poizoni. Ana ena onse amene anadya futali yomweyo tsiku lija sanamve kanthu. Vuto lili m'thupi la mwanayo, osati m'dzanja la wophika.

Matendawa sapatsirana. Si ufiti, si tsempho, si chilango cha makolo. Sasankhanso mtundu wa anthu. N'zoona kuti m'maiko monga Britain, America ndi Australia ana owengedwa ndi mtedza ndi ochuluka kuposa kuno, n'chifukwa chake abale athu a kumeneko amatiuza pa WhatsApp kuti sukulu zambiri sizilola mwana kutenga chakudya cha mtedza. Koma kuno ku Africa aliponso. Kafukufuku wina wa ku South Africa, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2019, anapeza kuti mwa ana aang'ono 1,000 alionse a mumzinda wa Cape Town, pafupifupi 25 anali ndi chakudya china chowawenga, pamene kumidzi ya ku Eastern Cape anali pafupifupi 5 okha. Mazira ndi mtedza ndi zomwe zinali patsogolo. Tikaona mmene anthu akuthamangira m'matauni ndi mmene kadyedwe kathu kakusinthira, si nzeru kunena kuti zimenezi sizikutikhudza.

Kuthawa mtedza kunayesedwa kale, ndipo kunalephera

Amayi amene mwasiya kuthira nsinjiro m'phala, ndikumvetsa mantha anu. Madokotala akuluakulu a m'maiko olemera anaganizaponso chimodzimodzi. Mu 1998 boma la Britain linalangiza mabanja omwe ali ndi mbiri ya ziwengo kuti asapatse ana aang'ono mtedza. Mu 2000 bungwe la madokotala a ana ku America, la American Academy of Pediatrics, linanenanso kuti ana omwe ali pachiopsezo adikire mpaka zaka 3. Makolo anamvera, koma ana owengedwa ndi mtedza sanachepe ayi.

Amene anathandiza kutembenuza nkhaniyi ndi madokotala a ku London, motsogozedwa ndi Pulofesa Gideon Lack ndi mnzake George du Toit. Mu 2008 iwo anafanizira ana achiyuda okhala ku Britain ndi ana achiyuda okhala ku Israel. Anapeza kuti a ku Britain ankawengedwa ndi mtedza kuwirikiza pafupifupi ka 10 poyerekeza ndi a ku Israel. Kusiyana kwake kunali kwakuti ku Israel makanda amayamba msanga kudya kachakudya kena kofewa ka mtedza kotchedwa Bamba, pamene ku Britain ankawamana.

Pofuna kutsimikiza, anachita kafukufuku wotchedwa LEAP. Anatenga makanda 640 a miyezi ya pakati pa 4 ndi 11, omwe anali ndi chikanga chachikulu kapena ankawengedwa ndi mazira, kutanthauza ana amene ali pachiopsezo kwambiri. Atawayeza, anawagawa pawiri. Gulu lina linkadya chakudya cha mtedza katatu pa sabata, lina silinkalawa n'komwe mpaka zaka 5. Zotsatira zinatuluka mu 2015. Mwa ana 100 alionse omwe anamanidwa mtedza, pafupifupi 17 anapezeka kuti ukuwawenga. Mwa ana 100 omwe ankadya, anali 3 okha. Ana omwewo anatsatiridwa mpaka atakwanitsa zaka pafupifupi 13, ndipo mu 2024 zinadziwika kuti chitetezo chija chinali chikadalipo: pafupifupi 15 mwa 100 kwa omanidwa aja, ndi 4 mwa 100 kwa odya aja. Lero maiko omwe ankaletsa aja ndi amene akulangiza makolo kuti aziyambitsa mtedza mwana asanathe chaka.

Akatswiri amafotokoza chonchi. Thupi la khanda likakumana ndi mtedza kudzera pakamwa ndi m'mimba, limaphunzira kuti ichi n'chakudya. Koma likayamba kukumana nawo kudzera pakhungu long'ambika, monga la mwana wa chikanga, pomwe pakamwa sanalawepo, limatha kuutenga ngati mdani. Ndiye taganizirani khomo lathu. Mtedza tikusenda pakhonde, tikukazinga, tikusinja mumtondo, fumbi lake lili pa chitenje chomwe tikuberekera mwana. Pakhomo lotere, kumana mwana nsinjiro sikumupatula ku mtedza. Kukungotseka njira yabwino ya pakamwa, n'kusiya ya pakhungu yotsegula.

Tinene mosapsatira: zomwe agogo athu ankachita, zothira nsinjiro m'phala la mwana wongoyamba kudya, ndi zomwe asayansi afikapo atazungulira zaka zambiri. Tisataye nzeru yathu chifukwa cha uthenga wa pafoni wonena malangizo omwe eni ake anawasiya kale.

Palinso chifukwa china chachikulu. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa mu 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 m'Malawi muno ndi opinimbira. Banja lomwe silingagule nyama, mkaka kapena mazira tsiku lililonse limadalira mtedza wa m'munda mwake, kaya ndi Chalimbana kaya CG7, kuti phala la mgaiwa likhale ndi mafuta ndi zomanga thupi. Ngakhale chiponde cha kuchipatala, chomwe chapulumutsa ana ambirimbiri onyentchera, maziko ake ndi mtedza wosakaniza ndi mkaka waufa, shuga, mafuta ndi mavitamini. Tikachotsa nsinjiro m'phala la ana onse poopa vuto la ana ochepa, tidzachulukitsa ana operewera zakudya, ndipo ziwengo zomwe tikuthawazo sitidzazipewa.

Kayambitsidwe kake

Malangizo a kusikelo sanasinthe. Miyezi 6 yoyamba mwana ayamwe bere lokha, osampatsa madzi, phala kapena dawale. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa sayenera kusala mtedza, pokhapokha ngati iye mwini umamuwenga.

Mwana akakwanitsa miyezi 6 ndipo wayamba kulandira bwino phala, musachedwe. Sankhani tsiku lomwe ali bwinobwino, wopanda chimfine, malungo kapena kutsegula m'mimba. Muyambe m'mawa, muli pakhomo, osati usiku kapena pa ulendo. Sinjani mtedza wabwino, sefani kuti pasakhale timibulu, ndipo muphikire limodzi ndi phala. Poyamba mupatseni kansonga ka sipuni, dikirani mphindi 10 mukumuyang'ana, ndipo ngati palibe chachilendo pitirizani kumudyetsa. Mukhale naye pafupi kwa maola awiri. Tsiku limenelo musayambitse chakudya china chatsopano, kuti china chikachitika mudziwe gwero lake.

Zikayenda bwino, musalekere pomwepo. Kulawitsa kamodzi n'kusiya mwezi wathunthu sikuteteza. Ana a m'kafukufuku uja ankadya mlingo wofanana ndi masipuni ang'onoang'ono awiri a chiponde, katatu pa sabata. Kwa ife zimenezi si zovuta: phala la nsinjiro, mbatata kapena maungu opota otendera, masamba otendera osinja bwino. Ngati mukugwiritsa ntchito chiponde cha m'botolo, chisungunuleni m'phala. Musapatse khanda chiponde cholimba pasipuni chifukwa chimamata kukhosi.

Pali ana ena omwe mayi asayambe yekha pakhomo. Ngati mwana ali ndi chikanga chachikulu, choyabwa, chofalikira thupi lonse ndiponso chosamva mankhwala, kapena anatupapo atadya dzira, pitani naye kuchipatala choyamba. Auzeni adokotala kuti mukufuna kuyamba kumupatsa nsinjiro, iwo akuuzani kachitidwe kake. Koma mupite msanga, osati kungokhala chete mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri, chifukwa ana amenewa ndi omwe amapindula kwambiri akayamba pa nthawi yake. Chikangacho chisamalidwe: mudzozeni mafuta osanunkhira tsiku lililonse, musambe m'manja musanamudzoze makamaka ngati mumagwira mtedza, ndipo musamudzoze mafuta a mtedza.

"Mupatseni pang'onopang'ono azolowere"

Apa ndi pomwe ndikufuna tikambirane bwino, chifukwa wina anena kuti: mwanena nokha kuti kudya n'komwe kumateteza, ndiye mwana wowengedwayo bwanji osamamupatsa pang'onopang'ono mpaka thupi lizolowere? Mawu amenewa ndawamva kwa apongozi, kwa azakhali, ngakhale kwa amayi ophunzira bwino.

Yankho lake lili pa nthawi. Katemera amateteza mwana asanadwale, sachiza amene wadwala kale. Kudya mtedza msanga kumaphunzitsa thupi lomwe silinasankhe mbali. Koma thupi lomwe laona kale mtedza ngati mdani, kadontho kalikonse ndi nkhondo. Choopsa china n'chakuti kuwenga kwa lero sikuneneratu za mawa. Mwana amene ulendo woyamba anangochita zidzolo angathe kubanika ulendo wachiwiri. Zoona, kunja kuli zipatala zomwe zimazoloweretsa ana otere ndi timiyeso tating'onoting'ono, koma zimachitika moyang'aniridwa ndi akatswiri, mankhwala opulumutsira ali pambali. Si ntchito ya m'khitchini.

Kuphika sikuthetsanso vutoli. Kaya mtedza ndi wophika, wokazinga kapena wotendera, zomwe zimawengazo zimakhalabe momwemo. Kuchotsa masamba otendera pambale n'kusiya nsima yomwe yakhudzana nawo sikuthandiza. Ndipo ngakhale ana ena amasiya kuwengedwa akamakula, ndi mmodzi yekha mwa asanu. Anayi otsalawo amakhala nazo moyo wonse. Woweruza ngati mwana wasiya kuwengedwa ndi dokotala, osati agogo.

Zizindikiro, ndi chochita zikaoneka

Kuwenga kwa mtedza kumabwera msanga, kawirikawiri pakangopita mphindi zochepa, ndipo sikupitirira maola awiri mwana atadya. Zizindikiro zocheperako ndi zidzolo zotukuka zoyabwa, kutupa milomo, zikope kapena nkhope, kusanza ndi kupweteka m'mimba. Zikatere musiyeni kudya, mupukuteni pakamwa ndi m'manja, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Panjira muzimuyang'ana, chifukwa zingathe kukula.

Zizindikiro zoopsa ndi izi: kutsokomola kosalekeza, kupuma molira kapena mobanika, mawu kusasa kapena kulira kwa khanda kusintha, lilime kutupa, kulephera kumeza, kutuwa, kulefuka ngati nsanza, kapena kukomoka. Chimodzi chokha mwa izi chikaoneka mwana atangodya, musadikire kuti muone. Mwana wodwala mphumu ndiye ali pachiopsezo chachikulu.

Mankhwala opulumutsa moyo pamenepa ndi amodzi okha, jakisoni wa adrenaline, yemwe amabayidwa panyama ya ntchafu chakunja. Piriton amachepetsa kuyabwa ndi zidzolo, koma satsegula kukhosi ndipo sakweza magazi. Musataye nthawi kumwetsa mkaka, mafuta ophikira, makala kapena mankhwala azitsamba, ndipo musamusanzitse. Mugonekeni chagada miyendo ili m'mwamba pang'ono. Ngati akubanika mukhazikeni tsonga momuchirikiza, ngati akusanza mugonekeni cham'mbali. Asaimirire kapena kuyenda yekha, chifukwa magazi atatsika angathe kugwa n'kutsirizika. Munyamuleni. Tipemphere tili panjira, osati kuyamba tasonkhana pakhomo.

Mukafika kuchipatala musaime pamzere. Nenani mokweza kuti mwana wadya mtedza ndipo akubanika. Akalandira chithandizo n'kuoneka bwino, musaumirire kubwerera kunyumba, chifukwa zizindikiro zimatha kubweranso pakapita maola angapo. Musanatuluke, pemphani kuti alembe m'buku lake la kuchipatala, patsamba loonekera, kuti mtedza umamuwenga. Buku limenelo lidzamuteteza tsiku lina, makamaka ngati angadzafunike chiponde cha kuchipatala. Kunja makolo a ana otere amayenda ndi jakisoni wobaya okha, monga EpiPen, koma kuno sapezeka wamba ndipo ndi wodula. N'chifukwa chake kwa ife kupewa ndi kuthamanga msanga ndiye zida zathu.

Zina ziwiri zomwe timazisokoneza ndi ziwengo

Choyamba ndi kutsamwa. Mwana wosakwana zaka 5 sayenera kupatsidwa mtedza wathunthu, kaya umamuwenga kaya ayi. Kukhosi kwake n'kochepa ndipo satha kutafuna bwino, moti kanjere kamodzi kangalowe m'njira ya mpweya. Pa nthawi yokolola ndi yosenda tiziyang'ana ana okwawa. Pamaliro ndi pamisonkhano, pomwe mtedza wokazinga umayenda m'mbale, tisapatse ana oyamwa.

Chachiwiri ndi chuku. Mtedza wosauma bwino, wonyowetsedwa posenda kapena wosungidwa pachinyezi umamera nkhungu yomwe imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu saoneka msanga ngati ziwengo. Amawononga chiwindi pang'onopang'ono, amayambitsa khansa ya chiwindi, ndipo kuphika sikumupha. Pano tili ndi chizolowezi choipa chomwe tiyenera kuvomereza: mtedza wabwino timagulitsa kwa mavenda, ndipo wofwapa, wobooka ndi wowawa uja ndi umene timasinja kuti ana adye. Ndikamati mwana adye nsinjiro katatu pa sabata, ndikunena za mtedza wouma bwino, wosankhidwa njere ndi njere, wosathiridwa madzi posenda. Mwana adye wabwino kwambiri, otsalawo ndiye apite kumsika, ndipo wachuku utayidwe.

Ntchito ya gulu lathu

Ndani amaphika pa ubatizo, pa ukwati, pa maliro, pa tsiku la nkhoswe ya parishi? Ndani amaphika phala kusukulu ya mkombaphala? Ndife. Choncho nkhaniyi ili m'manja mwathu kuposa m'manja mwa adokotala.

Tiyambe ndi kufunsa. Chikhale chizolowezi kuti tisanadyetse mwana wa mnzathu tifunse mayi ake ngati pali chakudya chomwe chimamuwenga. Funso limeneli likhalenso polembetsa ana kusukulu ya mkombaphala ndi ku Tilitonse, ndipo dzina la mwana wotere lidziwike kwa onse ophika, kuphatikizapo amene amangobwera kudzalowa m'malo mwa mnzake.

Mayi akanena, timukhulupirire. Tisamufunse ngati agogo ake ankasalanso, tisamuseke kuti wabwera ndi chizungu, ndipo tisamuyese pobisa nsinjiro m'ndiwo kuti tione ngati n'zoona. Kuyesa kotere kungathe kupha. Nanunso mayi wa mwana wotere, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Nenani poyera, nenani kawirikawiri, uzani agogo, anansi, aphunzitsi ndi azibale ake a mwanayo. Akayamba kuyankhula, muphunzitseni kunena yekha kuti "mtedza umandiwenga" ndi kukana chakudya chomwe simunachione inu.

Pophikira gulu, pakhale mphika umodzi wa ndiwo zosatendera, wokhala ndi mthiko ndi chipande chakechake. Mwana wowengedwa agawiridwe poyamba, m'mbale yotsukidwa ndi sopo, manja a ogawa ali osamba. Tikumbukire kuti mtondo, musi ndi sefa zomwe tasinjira mtedza zimasunga fumbi lake, ndipo ufa wa phala womwe unapita kuchigayo utasakanizidwa ndi mtedza suoneka ndi maso. Mafuta a mtedza ofinya pakhomo asagwiritsidwe ntchito pa chakudya chake. Pogula mabisiketi, maswiti kapena chokoleti, werengani pachikutiro. Mukaona mawu akuti peanuts kapena groundnuts, bwezani pashelefu.

Mwana wotere asafe ndi njala. Ambiri mwa ana owengedwa ndi mtedza amadya bwinobwino nyemba, nandolo, khobwe ndi soya, ngakhale kuli bwino kufunsa kuchipatala ngati sanalawepo. M'phala lake mungathire ufa wa soya wokazinga, ufa wa bonya kapena usipa, dzira ngati silimuwenga, peyala, kapena sipuni ya mafuta ophikira. Nthanga za maungu zosinja mumtondo woyera zimatendera masamba mokoma ndithu. Pa maphunziro athu a kaphikidwe tiziphunzitsanso zimenezi, kuti mayi wa mwana wotere asabwerere kunyumba wopanda chomwe watolapo.

Tikonzekeretu za mayendedwe. Mphakati uliwonse ukhale ndi nambala ya wa njinga yamoto kapena wa galimoto yemwe angadzuke nthawi iliyonse, ndipo m'thumba la gulu mukhale kandalama kosakhudzidwa ka ngozi zotere. Mwana akubanika si nthawi yoyamba kukambirana mtengo wa kabaza. Amayi amene muli m'makomiti a zipatala, funsani pamsonkhano ngati adrenaline alipo, ngati masiku ake sanathe, ndiponso ngati ogwira ntchito usiku akudziwa pomwe amasungidwa. Ndi mankhwala otchipa omwe chipatala chilichonse chimayenera kukhala nawo, ngakhale pamalo operekera katemera. Itananinso namwino kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu adzayankhule pamsonkhano wa mwezi ndi mwezi, kuti mayi aliyense adziwe zizindikiro zija pamtima.

Chomaliza ndi pakamwa pathu. Mwana akatupa atadya kwa mnansi, tisathamangire kuloza chala. Tifunse kuti wadya chiyani, papita nthawi yaitali bwanji, ndipo zinachitikapo kale kapena ayi. Bodza la ufiti limapweteka anthu awiri. Limaipitsa dzina la munthu wosalakwa, komanso limasiya mwana pangozi, chifukwa banja likakhulupirira kuti vuto ndi mnansi, limasamuka kapena kudana naye, koma nsinjiro likupitirizabe kuthira.

Mayi wa futali uja anabwerera kumphakati pambuyo poti namwino wafotokoza pamaso pa onse zomwe zinachitika, ndipo mayi a mwana uja anapepesa chifukwa chosanena. Lero tikamaphika, mayi yemweyo ndi amene amazungulira kufunsa ngati pali mwana wosala chakudya china, ndipo mphika wosatendera amauyang'anira yekha. Makanda a mumphakatimo akupitiriza kudya phala lawo la nsinjiro monga kale.

Pamsonkhano wanu wa mwezi uno, ikani nkhaniyi pa mndandanda wa zokambirana. Funsani ngati m'gulu lanu muli mayi amene wakhala akubisa vuto la mwana wake poopa kusekedwa, ndiponso ngati muli wina amene wasiya kuthira nsinjiro chifukwa cha mantha. Onse awiri akufunika kumva kuchokera kwa inu, ndipo mwana wa mnzako ngwako yemwe.